Chitoliro ndi Piyano ku Darmstadt

Usiku wa pa 11 Sepitembala 1944 ndege za nkhondo za ku Britain zidaponya mabomba pa mzinda wa Darmstadt m'dziko la Germany, ndipo kutacha pakati pa mzindawo padangotsala phulusa ndi zipupa zakugwa. Patangopita zaka ziwiri, anthu akadagonabe m'mabwinja, bambo wina dzina lake Wolfgang Steinecke adayambitsa komweko maphunziro a nyimbo zatsopano ochitika nyengo yotentha. Cholinga chake chidali chakuti achinyamata amve nyimbo zimene boma la Hitler lidaletsa pozinena kuti n'zonyansa, monga za Arnold Schoenberg.

M'chaka chomwecho cha 1946, mumzinda wa Paris, mnyamata wina wotchedwa Pierre Boulez adapeka nyimbo ya chitoliro ndi piyano naitcha Sonatine. Chitoliro chimene tikunena pano ndi chachitsulo chija chokhala ndi timabowo totsekedwa ndi tizivundikiro, chimene woyimba amachigwira chopingasa. Boulez adatsata njira ya Schoenberg. Pa piyano pali makiyi oyera 7 ndi akuda 5 amene amangobwerezedwa kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Nyimbo zakale zimasankha liwu limodzi mwa maliwu 12 amenewa kuti likhale ngati kwawo, kumene nyimbo imachokera ndi kubwererako. Schoenberg adati maliwu onse alemekezedwe mofanana, pasakhale mfumu pakati pawo. Khutu losazolowera likamva nyimbo yotere limayesa kuti woyimba wasokera.

Nyimboyo idalembedwera Jean-Pierre Rampal, katswiri wa chitoliro wa ku France, koma iyeyo sadaiyimbe. Tisafulumire kumudzudzula, pakuti Sonatine ndi nyimbo yankhanza kwa oyimba. Mwa chizolowezi chakale chitoliro chimatsogolera ndi liwu lokoma pamene piyano imaperekeza pambuyo modzichepetsa. Boulez adachotsa ulemu umenewu. Zida ziwirizi zimathamangitsana, kulandana mawu ndi kudulana pakamwa. Chitoliro chimalumpha kuchoka pansi kufika pamwamba penipeni, nthawi zina woyimba akunjenjemeretsa lilime, ndipo piyano imamenyedwa ngati ng'oma. Mmodzi akachedwa pang'ono pokha, zonse zimabalalika. Nyimboyi idayimbidwako ku Brussels mu 1947, mwini wake adaikonzanso mu 1949, koma mbiri yake sidapite patali. Idasowa anthu awiri olimba mtima.

Woyamba mwa awiriwo adachokera ku Italy. Severino Gazzelloni adabadwa mu 1919 m'tauni yaing'ono ya Roccasecca, ndipo adayamba kuyimba chitoliro ali mwana m'gulu la oyimba la kwawoko. Ataphunzira ku Rome adakhala mtsogoleri wa oyimba zitoliro m'gulu la wailesi ya boma, RAI, kwa zaka pafupifupi 30. Ntchito imeneyi ikadamukwanira, koma iye adali ndi mtima wofuna kuyesa chilichonse chimene wopeka nyimbo walemba, ngakhale chooneka chosatheka. Wachiwiri adali David Tudor wa ku America, wobadwa mu 1926, munthu wofatsa amene ankadziwika chifukwa chotha kuwerenga nyimbo zimene anzake ankaziopa. Ndi yemweyu amene mu 1952 adakhala chete pa piyano kwa mphindi 4 ndi masekondi 33 poonetsa koyamba nyimbo ya John Cage yopanda liwu lililonse loyimbidwa.

Mu 1956 awiriwa adayimba Sonatine ku Darmstadt, patatha zaka khumi chiipekere. Omvera ambiri adali achinyamata opeka nyimbo ochokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo chimene adaona ndi maso n'chakuti zolembedwa papepala zija zidali zotheka ndi zala ndi mpweya wa munthu. Ine ndiyesa kuti phindu lalikulu la tsikulo lidali limeneli, kuposa kukoma kwa nyimboyo, pakuti wopeka nyimbo salemba molimba mtima ngati sadziwa munthu amene adzaiyimbe.

Zitatero nyimbo za chitoliro zidachuluka. Luciano Berio adalembera Gazzelloni Sequenza I mu 1958, ya chitoliro chokha. Bruno Maderna, mnzake wapamtima, adapeka Honeyrêves ya chitoliro ndi piyano mu 1961. Dzinali ndi nthabwala chabe: ndi dzina loti Severino lowerengedwa chobwerera m'mbuyo ndi kukometseredwa pang'ono. Steinecke atamwalira pa ngozi ya galimoto kumapeto kwa 1961, Kazuo Fukushima wa ku Japan adamulira ndi nyimbo yotchedwa Mei, ndipo adaiyimba ndi Gazzelloni yemweyo. Mbiri idawoloka nyanja mpaka kwa oyimba jazi, moti Eric Dolphy adatcha imodzi mwa nyimbo zake za mu 1964 dzina loti Gazzelloni.

Tudor sadakhalitse pa piyano. Mtima wake udatembenukira ku nyimbo zopangidwa ndi zipangizo za magetsi. Gazzelloni adapeza anzake ena, monga Aloys Kontarsky wa ku Germany, amene adajambula naye nyimbo zatsopano pa mbale za galamafoni, kenaka Bruno Canino wa kwawo ku Italy. Pokalamba ankayimbanso nyimbo zakale ndi zotchuka pa chitoliro chake chagolide, chimene chidamupatsa dzina m'dziko lonse la Italy. Adamwalira mu 1992 ku Cassino, pafupi ndi kwawo.