Chimbudzi ngati mankhwala: mbiri yake ndi chenjezo

Amayi anzanga a ku Nathenje ndi ku Mitundu, mwina munamvapo kuti chimbudzi cha munthu chimachiza m'mimba. Nkhaniyi ndi yakalekale. M'zaka za m'ma 300, sing'anga wa ku China, Ge Hong, ankamwetsa otsegula m'mimba madzi osakaniza ndi chimbudzi. Mu 1958, dokotala Ben Eiseman wa ku Denver anachiritsa odwala anayi powathira m'matumbo chimbudzi cha munthu wathanzi, kuti tizilombo tothandiza tibwereremo.

Koma mu 2019, ku America komweko, wodwala wina anamwalira atalandira chimbudzi chokhala ndi tizilombo tosamva mankhwala. Kunalitu kuchipatala kumeneko! Nanga pakhomo, popanda zoyezera? Kumbukirani kolera ya 2022 ndi 2023. Inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo imafala kudzera m'chimbudzi momwemo.

Chonde musayesere. Mwana akatsegula m'mimba, m'mwetseni Thanzi ORS, pitirizani kumuyamwitsa, ndipo thamangirani naye kuchipatala.