Mmene masamu anafikira poyeza kaumbidwe ka zamoyo

Kuyeza kutalika kwa nsomba n'kosavuta. Chovuta n'kunena ndi manambala kuti mutu wa iyi wasiyana pati ndi wa inzake, ndipo manambalawo anayamba kuyankha funsoli pokhapokha atasiya kutaya chithunzi cha chamoyocho. W. F. R. Weldon anayeza nkhanu za ku Naples, ndipo mu 1894 Karl Pearson anaonetsa kuti miyezoyo ingakhale ya magulu awiri osakanikirana. Mu 1901 awiriwa pamodzi ndi Francis Galton anayambitsa magazini ya Biometrika. Pofika 1936, R. A. Fisher anali kusiyanitsa mitundu ya maluwa a iris pogwiritsa ntchito maluwa 150, lililonse miyezo inayi. Ntchito zimenezi zinali zolimba, koma zinali ndi chilema: mulitali ndi mulifupi sizinena pamene diso lakhala poyerekeza ndi kamwa, komanso kukula kumaphimba kaumbidwe. Nsomba yaikulu imaposa yaing'ono pa muyezo uliwonse ngakhale zitaumbidwa chimodzimodzi.

Amene anaona vutoli msanga ndi D'Arcy Thompson. M'buku lake la 1917, On Growth and Form, ankajambula nsomba pa mizere yopingasana ngati ukonde, kenako n'kukoka ukondewo mpaka nsomba ya mtundu wina itatulukira. Diso linkakhutira, koma panalibe chowerengera, choncho ganizoli linagona zaka zambiri. Linadzutsidwa ndi njira ya Procrustes imene John Gower anaikulitsa mu 1975, masamu a David Kendall a mu 1984, ndi ntchito ya Fred Bookstein ya mu 1989. Pa njira yatsopanoyi, wofufuza amaika madontho pa malo ofanana a chamoyo chilichonse, monga nsonga ya mlomo, pakati pa diso ndi poyambira chipsepse. Kompyuta imasanjikiza zithunzizo, kuzilinganiza kukula n'kuzitembenuza mpaka zitayang'ana kumodzi. Kusiyana kotsalako ndiko kaumbidwe, ndipo kumawerengeka komanso kumajambulika. Umu ndi mmene R. Craig Albertson ndi Thomas Kocher anayerekezera nsagwada za mbuna ziwiri za m'Nyanja ya Malawi: Labeotropheus fuelleborni, ya kamwa loyang'ana pansi yomwe imapala ndere pamiyala, ndi Metriaclima zebra, ya kamwa loloza kutsogolo.

Ena amatsutsa kuti wosankha madontho ndi munthu, ndiye maganizo ake amalowerera. Nkhawayi ndi yomveka, pakuti Samuel Morton, wolemba Crania Americana mu 1839, anayeza zigaza ndipo miyezo yake inagwiritsidwa ntchito poikira kumbuyo tsankho. Komatu madontho amalembedwa poyera, moti wina angawaikenso pa chithunzi chomwecho n'kuona ngati zotsatira zikusintha. Chitsutso cholemera kwambiri n'chakuti ziwalo zosalala, monga pamwamba pa chigaza, zilibe poika dontho lodziwika. Apa Bookstein mu 1997 analola madontho kutsetsereka motsatira mzere wokhota mpaka atagwirizana, ndipo njirayi inafikanso pa zithunzi za CT zoonetsa fupa mbali zonse.