Kuchokera ku chikoti cha kapitao kufika ku chenjezo la pakamwa

Pa maesiteti a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu m'nthawi ya atsamunda, wantchito akalakwa chilango chinkamugwera pomwepo, popanda womufunsa mbali yake. Pa thangata munthu ankagwira ntchito kulipira malo amene wamangapo nyumba komanso msonkho wa boma, masiku ake n'kumalembedwa pa tikiti. Kapitao akati ndime sinathe, tsikulo silinkawerengedwa, moti mwezi wa pa tikiti unkatalika kuposa wa pa kalendala. Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, chikoti sichinkakhala patali, ndipo n'zosadabwitsa kuti anthu a John Chilembwe ataukira pa 23 Januwale 1915 analunjika kwa bwana wa pamalopo, William Jervis Livingstone. Ngakhale komiti yofufuza ya boma la atsamunda lomwelo inavomereza kuti antchito a kumeneko ankazunzidwa.

Thangata linathetsedwa mu 1962, koma mawu a bwana anapitiriza kukhala lamulo kwa zaka zina zambiri. Zinthu zinayamba kutembenuka ndi sitiraka za mu Meyi 1992, zomwe zinabuka pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre n'kufalikira kwina. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 anapatsa wantchito aliyense ufulu wochitiridwa chilungamo pa ntchito, lamulo la Labour Relations Act la mu 1996 linalongosola kayendetsedwe ka khoti loona milandu ya pa ntchito, kenako Employment Act ya mu 2000 inalamula kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanapatsidwe mpata wodziyankhira. Udindo wosonyeza chifukwacho unaikidwa pa wolemba ntchito. Apa ndi pamene chenjezo la pakamwa linapezera tanthauzo limene lili nalo lero. Mwa zilango zimene lamuloli limatchula muli chenjezo lolembedwa, kuimitsidwa ntchito ndi kutsitsidwa udindo; la pakamwa limapezeka kwambiri m'malamulo a kampani, ngati sitepe yoyamba. Komabe bwana amene adzafune kuuza khoti kuti anachenjezapo munthu asanamuchotse ayenera kukhala ndi umboni, n'chifukwa chake m'maofesi ambiri chenjezo lotchedwa la pakamwa limathera pa pepala: tsiku, cholakwa, zimene wantchito wayankha, ndi siginecha za onse awiri.

Ena amadandaula kuti mapepalawa apha mwambo wathu wolangizana. Amati wamkulu ankaitanira wolakwa pambali, kumudzudzula, nkhani n'kuthera pomwepo, pamene lero kuchedwa kamodzi kokha kumalowa m'faelo n'kumamutsata munthu. Dandauloli lili ndi mfundo, makamaka pamene bwana akuunjika machenjezo mwadala pofuna kudzachotsa munthu amene watopa naye. Koma odandaulawa amasakaniza zinthu ziwiri. Kulangizana kwa kumudzi kunali ndi ankhoswe, mboni ndi bwalo la mfumu, kumene woimbidwa mlandu ankayankha pamaso pa anthu omudziwa, ndipo anthuwo ankakumbukira zimene zanenedwa. Kudzudzula kwa pa esiteti kunalibe zonsezi, ndipo ntchito yolembedwa ya masiku ano inachokera ku esiteti, ku migodi ya ku Joni ndi ku maofesi a boma, osati ku bwalo. Pepala lija likugwira ntchito imene mboni zinkagwira.

Vuto la faelo yosaiwala nalonso lili ndi yankho lake, pakuti makampani ambiri amaika malire a miyezi imene chenjezo limakhala ndi mphamvu, ikatha silingagwiritsidwenso ntchito pomulanga munthu. Kumene chitetezochi sichinafike kwenikweni ndi kwa antchito a m'nyumba, alonda ndi aganyu, amene lamulo limawateteza ndithu koma ambiri alibe kalata ya ntchito, ndipo chenjezo lawo loyamba kawirikawiri limakhala lakuti mawa asabwerenso.