Zimene Dark Web Inaphunzitsa Omanga Mawebusaiti

Mwezi wathawu mchemwali wanga wamng'ono ananditumizira uthenga wachidule: "Achimwene, blog yanu ija ikudya bandulo ngati chiswe." Ndinaseka. Koma nditafika kumudzi n'kuyesa kuitsegula pa foni yake, kuseka konse kunatha. Tsamba linangoyera mbee, kachizindikiro kaja n'kumangozungulira. Nditakafufuza ndinapeza kuti nkhani yanga ya mawu ochepa chabe inkakoka mtolo wa zinthu kuchokera ku makampani angapo akunja: zilembo zokongoletsa, mabatani ogawira nkhani, kapulogalamu kowerenga alendo, ndi chithunzi chachikulu chomwe sindinachichepetse. Wolakwa ndinali ine ndemwe.

Pofunafuna njira yopepukitsira tsambali ndinakagwera kumalo kumene sindinkayembekezera. Malangizo omveka bwino kwambiri anali a anthu omanga masamba pa Tor, kumene ambiri timakutchula kuti dark web. Inde, komwe kuja timamva kuti n'kwa zigawenga. Ndinayamba kuwerenga mbiri yake, ndipo ndinaona kuti pafupifupi lamulo lililonse limene amatsatira linabadwa munthu wina atapsa kaye.

Anyezi wa asilikali

Nkhaniyi inayambira mu labotale ya asilikali apamadzi a dziko la America, Naval Research Laboratory. M'chaka cha 1995 akatswiri atatu, David Goldschlag, Michael Reed ndi Paul Syverson, anadzifunsa ngati n'zotheka kulumikizana pa intaneti popanda womvetsera panjira kudziwa kuti ndani akuyankhula ndi ndani. Yankho lawo analipatsa dzina kuchokera ku anyezi. Uthenga umakiyidwa kangapo, loko pamwamba pa loko mnzake, monga makoko a anyezi amakutirana. Kenako umadutsa pa makompyuta atatu. Iliyonse imasenda khoko limodzi lokha n'kupatsira yotsatira. Yoyamba imadziwa kuti ndinu ndani koma sidziwa kumene mukupita. Yomaliza imadziwa kumene uthenga ukupita koma sidziwa kuti wachokera kwa ndani.

Panali vuto limodzi. Netiweki yotereyi ikanakhala ya asilikali okhaokha, aliyense wopezeka akuigwiritsa ntchito akanadziwika pompopompo kuti ndi wa boma la America. Munthu amabisala bwino mumsika wodzaza, osati pabwalo lopanda anthu. Ndiye panafunika kuti khamu lilowemo: atolankhani, ophunzira, amalonda, ngakhale anthu amene boma lomwelo silinkawafuna. Mu September 2002 Roger Dingledine, Nick Mathewson ndi Syverson anayatsa netiweki ya Tor, ndipo khodi yake inaperekedwa kwaulere kwa aliyense. Mu 2006 kunakhazikitsidwa bungwe losapanga phindu la The Tor Project.

Mu 2004 munabwera chinthu chimene chikutikhudza pano: masamba obisika, amene adiresi yake imathera ndi .onion. Apa wobisala si mlendo yekha, mwini tsamba nayenso amabisala. Mlendo amadutsa makompyuta atatu, seva nayo imadutsa atatu ake, n'kukumana pakati. Onse pamodzi asanu ndi imodzi, omwe akhoza kukhala m'mayiko osiyanasiyana. Ndiye tangoganizani: chilichonse chimene tsamba lapempha, kaya chithunzi kaya fonti, chiyenera kuyenda mtunda wonsewo kupita ndi kubwerera. Phunziro loyamba linachokera pamenepo. Tsamba lolemera pa Tor limakhala ngati minibasi yoima pasiteji iliyonse. Wanzeru amachepetsa katundu.

Chaka cha 2013

Ngati pali chaka chimene chinasintha kamangidwe ka masambawa, ndi 2013.

Kunali kampani yotchedwa Freedom Hosting imene inkasungira anthu masamba ambiri a .onion. Ena mwa masambawo anali onyansa zedi, a zithunzi zochitira nkhanza ana, ndipo sindikumvera chisoni ngakhale pang'ono eni ake. Koma pa maseva omwewo panalinso Tor Mail, imene anthu wamba ankatumizirapo makalata. Mu August 2013 masamba a kumeneko anayamba kuonetsa uthenga woti akukonzedwa. Mkati mwa uthengawo munabisika kakhodi ka JavaScript kamene kankalowera pa mng'alu wa mu Firefox 17, yomwe bulawuza ya Tor inamangidwirapo. Pa kompyuta ya Windows imene mwini wake sanaikepo bulawuza yatsopano, kakhodiko kankatenga dzina la kompyutayo ndi nambala ya chipangizo chake cha netiweki n'kuzitumiza kunja, osadzera pa Tor. Patapita milungu ingapo zinadziwika kukhoti ku Ireland kuti maseva aja anali m'manja mwa FBI.

Masamu a anyezi aja sanathyoledwe. Chimene chinapereka anthu ndi tsamba lenilenilo, chifukwa JavaScript ndi pulogalamu imene mwini tsamba amakutumizira kuti igwire ntchito m'foni kapena m'kompyuta mwako. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: anthu ambiri osamala anayamba kuizimitsa. Mu 2015 bulawuza ya Tor inaika poyera batani losankhira mlingo wa chitetezo, ndipo lero pa mlingo wapamwamba kwambiri JavaScript imakhala yozimitsidwa pa masamba onse. Kwa womanga tsamba, tanthauzo lake n'lakuti mlendo wako wofunika kwambiri, amene ali pachiopsezo chenicheni, afika atatseka zonse. Fomu yako ikakhala yosatumizika popanda JavaScript, wamuthamangitsa.

Miyezi iwiri pambuyo pake, mu October 2013, msika wa mankhwala ozunguza bongo wa Silk Road, umene unayamba mu 2011, unatsekedwa. Mwini wake Ross Ulbricht anamangidwa ali mu laibulale ku San Francisco. FBI inauza khoti kuti inapeza seva ya msikawo ku Iceland chifukwa tsamba lolowera linkaulula adiresi yeniyeni ya sevayo. Akatswiri angapo anakayikira kufotokoza kumeneku, koma omanga masamba anatolapo phunziro ndithu: kachidutswa kamodzi kokha kakayankhula ndi dziko lakunja mosadzera pa Tor, nyumba yonse yayalutsidwa.

Mu 2016 wofufuza wina, Sarah Jamie Lewis, anatulutsa chida chotchedwa OnionScan chofufuzira zolakwika zoterezi, ndipo zimene zinkapezeka zinali zochititsa manyazi. Ena ankaika zithunzi osafufuta zobisika m'kati mwake, monga mtundu wa kamera ndi malo amene chinajambulidwira. Ena ankasiya lotsegula tsamba la seva ya Apache loonetsa zimene zikuchitika m'kati. Tsambalo linapangidwa kuti lizionedwa ndi munthu amene ali pa kompyuta yomweyo basi, koma poti alendo a Tor amafika kudzera pa pulogalamu ya pa kompyuta yomweyo, seva inkawayesa eni nyumba n'kuwatsegulira. Kukiya chitseko cha kumaso ndi maloko atatu, zenera la kuseri lili pululu.

Atolankhani alowamo

Chaka chomwecho cha 2013 chinali ndi nkhope ina. Aaron Swartz ndi mtolankhani Kevin Poulsen anali atakonza njira yoti munthu wodziwa zachinyengo azitha kutumiza zikalata kwa atolankhani osadziwika. Swartz anamwalira mu January 2013, ndipo mu May magazini ya The New Yorker inayatsa ntchito yawoyo pa dzina lakuti Strongbox. Kenako bungwe la Freedom of the Press Foundation linaitenga n'kuitcha SecureDrop. Mukatsegula tsamba lake lotumizirapo zikalata simupezapo zonyezimira. Pali mawu ochepa, mabatani ochepa, ndi chenjezo loti mukweze chitetezo cha bulawuza yanu. Limagwira ntchito JavaScript ili yozima. Amene analimanga ankaganizira kalaliki wamantha amene akudziwa kuti akalakwitsa kamodzi ntchito yatha, mwinanso ndende.

Pa 31 October 2014 Facebook inatsegula adiresi yake ya .onion, ntchito imene anatsogolera injiniya Alec Muffett. Ambiri anadabwa: kubisala n'kukalowanso pa Facebook ndi dzina lako lenileni? Koma cholinga chinali china. Munthu wa m'dziko limene Facebook inatsekedwa safuna kubisala kwa Facebook, amafuna kubisala kwa amene akulondera chipata. Panalinso vuto lina: wodzera pa Tor amaoneka ngati pano ali dziko ili, pakapita mphindi zochepa ali dziko lina, ndipo makina achitetezo ankamuyesa wakuba n'kumutsekera akaunti. Khomo la .onion linachepetsa chisokonezo chimenechi. Mu April 2016 kampaniyo inalengeza kuti anthu oposa 1 miliyoni analowa kudzera pa Tor m'masiku 30.

Ena anatsatira. ProPublica inatsegula tsamba lake la .onion mu January 2016, The New York Times mu October 2017, ndipo BBC mu October 2019, poganizira owerenga a m'mayiko monga China ndi Iran kumene nkhani zake zimatchingidwa. Onsewa anakumana ndi mutu umodzimodzi wowawa. Tsamba la nyuzipepala lamakono limakoka zinthu kuchokera kwa otsatsa malonda ndi owerenga alendo ambirimbiri, ndipo maulalo ake amaloza ku adiresi yanthawi zonse. Owerenga akangodina ulalo umodzi wotero, watuluka m'nyumba ya anyezi osadziwa. Muffett analemba chida chotchedwa Enterprise Onion Toolkit chimene chimasintha maulalowo kuti azilozabe m'kati.

Adiresi nazo zinasintha. Zakale zinali ndi zilembo ndi manambala 16. Zatsopano zili ndi 56, chifukwa adiresiyo imanyamula kiyi yonse yotsimikizira kuti tsambalo ndi lenileni, ndipo zakale zija zinasiyidwa mu October 2021. Palibe angaloweze pamtima zilembo 56, ndiye akathyali amapezerapo mwayi wopanga masamba ofanizira. Pofuna kuthandizapo, kuyambira mu 2020 tsamba lanthawi zonse limatha kuuza bulawuza ya Tor kuti lili ndi khomo la .onion, iyo n'kuonetsa kabatani kopitira kumeneko.

Malamulo amene anatsala

Mukasonkhanitsa zipsera zonsezi mupeza malamulo ochepa. Tsamba liziwerengeka ndi kugwira ntchito popanda JavaScript. Ikakhalapo ikhale ndiwo zoonjezera, osati nsima. Chilichonse chimene tsamba likufuna chizichokera pa seva yako, osati kwa anthu ena amene angamawerenge alendo ako. Mafayilo akhale ochepa, zithunzi zochepetsedwa ndi zofufutidwa zobisika zake. Maulalo a m'kati asamatchule adiresi yonse, kuti azigwira ntchito kulikonse kumene tsamba laikidwa. Usadalire kudziwa kukula kwenikweni kwa sikirini kapena mafonti a mlendo, chifukwa bulawuza ya Tor imabisa dala zimenezi kuti anthu ake azioneka ofanana. Ndipo usamufunse munthu zimene sukuzifuna, monga nambala ya foni pongofuna kuwerenga nkhani.

Chodabwitsa n'chakuti palibe chatsopano apa. Tsamba loyamba la Tim Berners-Lee ku CERN, limene linatsegulidwa kwa anthu onse mu 1991, linali mawu ndi maulalo basi. JavaScript inabadwa ku Netscape mu 1995, chaka chomwe chija asilikali apamadzi ankayamba za anyezi. Kuchokera pamenepo njira ziwirizi zinapatukana. Intaneti yapoyera inanka ninenepa, uku ikuphunzira kusuzumira alendo ake. Ya mumdima inakakamizika ndi mantha kubwerera ku thupi lowonda lakale lija.

Nanga ife zikutikhudza bwanji?

Sindikunena kuti dark web ndi malo oyera. Kuli akuba, ogulitsa zoletsedwa ndi anthu ochita zoipa kwambiri, ndipo wolowako mwachibwana akhoza kubwerako akulira. Komanso Tor si mankhwala a nthenda iliyonse. Pa 12 August 2021, tsiku la chisankho ku Zambia, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinatchingidwa, ndipo ku Mozambique zofananazo zinachitika chitatha chisankho cha October 2024. Pa kutchinga kosankha masamba kotereku, Tor imatha kuthandiza, ndipo bulawuza yake ya Android ilipo kuyambira mu 2019. Koma intaneti yonse ikazimitsidwa, monga zinachitikira ku Zimbabwe mu January 2019, ngakhale anyezi alibe podzera.

Chimene chinandikhudza ine n'china. Munthu amene akuwerenga BBC mobisa kudzera pa Tor, ndi mchemwali wanga amene wakwera pachulu kusaka netiweki ndi bandulo ya tsiku limodzi, akufuna tsamba lofanana: lofulumira, lopepuka, losatumiza mbiri yawo kwa alendo osawadziwa. Wina akuopa apolisi, wina akuopa kutha kwa deta. Ife amene tikuphunzira kumanga mawebusaiti timakonda kuyesera ntchito yathu pa laputopu ndi Wi-Fi ya mu ofesi, n'kumati zatheka. Omanga a pa Tor analibe mwayi wodzinamiza chonchi, chifukwa kwa iwo cholakwika chinkathera kukhoti.

Blog ino ilibe adiresi ya .onion, ndipo ndakatulo zanga sizinafike poti wina n'kundisakasaka. Koma ndachotsa mafonti obwereka, mabatani aja ndi kapulogalamu kowerenga alendo. Zithunzi ndazichepetsa. Ndinazimitsa JavaScript n'kuwerenga tsamba lililonse kuti ndione ngati likuyendabe. Sindikudziwanso kuti mwabwera angati lero, ndipo ndavomereza zimenezo. Mchemwali uja ndinamupempha kuti ayesenso. Anayankha kuti, "Yatseguka msanga, achimwene. Koma nkhani zanu n'zazitali."

Ngati nanunso mwaitsegula pa netiweki yovuta, ndiuzeni mmene yayendera.