Zofunika kudziwa posankha jenereta ya inverter ndi zimbale zojambulirapo

Kuzimazima kwa magetsi komwe dziko la Zambia linakumana nako m'zaka za 2015, 2019 ndi 2024 kunacititsa mabanja ambiri ndi a malonda ang'onoang'ono kugula majenereta. M'caka ca 2024 cilala cinacepetsa kwambiri madzi m'nyanja ya Kariba, kotero kuti mtsogoleri wa dziko lino a Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti cilalaco ndi ngozi yogwera dziko lonse. Pofika mwezi wa September caka comweco, madera ambiri anali kukhala opanda malaiti kwa maola ofika 21 pa tsiku.

Ena mwa anthu omwe anabvutika kwambiri ndi aja ojambula makanema pa maukwati ndi pa maliro, a makwaya, ndi eni a masitudiyo ang'onoang'ono. Kwa iwo jenereta ndi cimbale zimayendera pamodzi, cifukwa magetsi akazima kompyuta iri mkati mojambula, cimbale ca CD-R kapena DVD-R kambiri cimaonongeka ndipo sicingajambulidwenso. Ndalama zimatayika, ndipo mwini ukwati amadikira kanema wake masiku ena.

Jenereta ya inverter ndi yotani

Magetsi omwe bungwe la ZESCO limapereka m'nyumba ndi a ma volt 230 ndi ma hertz 50. Kuti jenereta wamba yaing'ono itulutse magetsi otere, injini yake iyenera kuzungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi nthawi zonse, ngakhale pamene ikuyatsa babu imodzi cabe. Ici ndico cifukwa cake imalira kwambiri ndi kumwa petulo wocuruka. Katundu wolemera akalumikizidwa mwadzidzidzi, injini imafooka kwa kanthawi ndipo magetsi amatsika kapena kukwera.

Jenereta ya inverter imagwira nchito m'njira ina. Magetsi ocokera ku injini amayamba asinthidwa kukhala a mtundu wa DC, monga a m'batire, kenaka kabokosi ka inverter kamawasinthanso kukhala a AC osalala, ofanana ndi a m'nyumba. Popeza kabokosika ndi kamene kamasunga ma hertz 50, injini iri ndi ufulu woyenda pang'onopang'ono pamene katundu ali wocepa ndi kuthamanga pamene wacuruka. Zotsatira zake ndi congo cocepa, petulo wocepa, ndi magetsi oyenera makompyuta, wailesi ya kanema, malamya ndi zipangizo za m'situdiyo. Opanga makina amayeza kusalala kwa magetsi ndi muyeso wochedwa THD, ndipo majenereta abwino a inverter amakhala ndi THD yosapitirira 3 peresenti.

Makina amenewa sayenera kusokonezedwa ndi inverter ya mabatire kapena ya sola yomwe anthu ambiri amaika m'nyumba. Inverter ya mabatire iribe injini ndipo simamwa mafuta, koma imatha mphamvu mabatire akatha. Jenereta ya inverter iri ndi injini ya petulo, imatulutsa utsi, ndipo imafuna oilo.

Kukula kwa jenereta

Nchito yoyamba ya wogula ndi kuwerengera mphamvu yomwe katundu wake amafuna. Pafupifupi cipangizo ciriconse ca magetsi ciri ndi kapepala kumbuyo kapena pansi koonetsa ma watt ace. Mwacitsanzo, munthu angakhale ndi laputopu ya ma watt 65, makina osindikizira a inki a 30, wailesi ya kanema ya 80, dikoda ya 20, mababu asanu a LED a ma watt 10 iriyonse, ndi firiji ya 150. Zonse pamodzi zimakwana ma watt 395. Koma firiji, pampu ya madzi ndi zina zokhala ndi mota zimafuna mphamvu yoposa ya nthawi zonse katatu kapena kupitirira pa kamphindi kolira koyamba, motero munthuyu afunika jenereta yotha kupirira ma watt pafupifupi 900.

Pa katoni ya jenereta pamakhala manambala awiri. Yaikulu, yomwe kambiri imalembedwa m'zilembo zonenepa, ndi mphamvu yomwe makina angapereke kwa kanthawi kocepa cabe. Yaing'ono, yolembedwa kuti rated, ndiyo mphamvu yomwe angapereke kwa maola ambiri, ndipo ndiyo yoyenera kuidalira. Jenereta ya Honda EU22i, mwacitsanzo, imafika 2,200 koma mphamvu yake ya nthawi zonse ndi 1,800. Imalemera makilogiramu 21, thanki yake imalowa malita 3.6, ndipo petulo ameneyo amatha maola pafupifupi 8 pa katundu wocepa koma maola atatu cabe pa katundu wodzaza. Majenereta ena amalembedwa mu ma kVA, ndipo pa ambiri a iwo kVA imodzi imapereka ma watt 800 cabe.

Pali cinthu cina comwe ogula ambiri a m'dziko muno sacidziwa. Injini ya petulo imafooka pa malo okwera cifukwa mpweya umakhala wopepuka, ndipo mabuku a opanga injini amanena kuti mphamvu imatsika ndi 3.5 peresenti pa mamita 300 aliwonse. Mzinda wa Lusaka uli pa mamita pafupifupi 1,280 kucokera pa nyanja yamcere, kutanthauza kuti jenereta imataya mphamvu pafupifupi 15 peresenti. Makina olembedwa 1,800 angapereke 1,500 ndi pang'ono cabe mu Lusaka. N'cifukwa cake ndi kwanzeru kugula yokulirapo pang'ono koposa mmene masamu aonetsera.

Ketulo ya magetsi, simbi, citofu ndi giza zimadya ma watt 1,000 kufika 3,000 ciriconse. Jenereta yonyamula m'manja siinapangidwire zimenezi. Amene nchito yake yakula angagule makina awiri ofanana ndi kuwalumikiza ndi nthambo yapadera yochedwa parallel, ngati mtundu umenewo umalola.

Za congo

Congo cimayezedwa mu ma decibel, ndipo opanga ambiri amayeza ataima mamita 7 kucokera pa makina. Majenereta a inverter otsekedwa m'bokosi amalira pakati pa ma decibel 50 ndi 60, comwe ndi cimodzimodzi ndi anthu oceza m'nyumba. Majenereta wamba a mafelemu oonekera amafika 70 kapena kupitirira. Kusiyana kumeneku kumaoneka kocepa pa pepala, koma ma decibel 10 aliwonse oonjezereka amamveka m'khutu monga congo cowirikiza kawiri. M'makomboni momwe nyumba ziri zothithikana, ndiponso pa malo pomwe kwaya ikujambula nyimbo, kusiyanaku ndi kwakukulu.

Wogula ayenera kuona ngati nambala ya congo inayezedwa pa katundu wocepa kapena wodzaza, cifukwa ogulitsa ena amaonetsa yotsika yokha. Majenereta ena a inverter ali pa felemu yoonekera. Iwo ndi ochipirapo, amatulutsa magetsi osalala, koma amalira kwambiri koposa otsekedwa.

Zoona pa tsiku logula

Ndi bwino kupempha wogulitsa kuti alize makina, alumikize katundu, ndi kuyatsa batani lopulumutsa mafuta, kuti amveke ngati injini ikutsika ndi kukwera malinga ndi katundu. Makina abwino amazima okha oilo akacepa kapena katundu akapitirira muyeso, ndipo ena atsopano amazimanso utsi wakupha ukacuruka pafupi nawo. Funso lina lofunika ndi la zitsulo zosinthira: kabokosi ka inverter kakapsa sikakonzedwa wamba, kamafuna kena katsopano, ndipo jenereta yopanda oimira kampani yake m'dziko imatha kukhala pa kona ya nyumba kwamuyaya. Risiti ndi pepala la waranti ziyenera kusungidwa, popeza ndizo zimakhala umboni ngati munthu afuna kukadandaula ku bungwe la Competition and Consumer Protection Commission.

Majenereta ambiri atsopano amagulitsidwa opanda oilo mu injini. Mabuku a makina ambiri amalangiza kusintha oilo pambuyo pa maola 20 oyamba, kenaka pa maola 50 kapena 100 aliwonse. Petulo wokhala m'makina miyezi ingapo amauma ndi kutseka kabuleta, kotero jenereta yomwe isungidwa nthawi yaitali iyenera kucotsedwa mafuta.

Ngozi zofunika kupewa

Jenereta yacete imanyenga, cifukwa munthu amaganiza kuti angaiike m'cipinda poopa akawalala. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo kapena mtundu, ndipo ndi womwewo umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba nyengo yozizira. Jenereta iyenera kukhala panja, mamita 6 kapena kuposa kucokera pa zitseko ndi mazenera, pa malo ouma ndi opita mphepo. Kumva mutu, cizungulire ndi mseru pamene makina akulira ndi cizindikiro cakuti onse aturuke panja msanga ndi kupita kucipatala.

Kulumikiza jenereta ku soketi ya pa cipupa kuti iyatse nyumba yonse ndi koopsa. Magetsi amabwerera m'mawaya a ZESCO ndipo angaphe wanchito yemwe akukonza laini, komanso makina angapse malaiti akabwera. Nyumba imafunika swichi yosinthira yochedwa changeover, yoikidwa ndi katswiri wa za magetsi wobvomerezeka. Petulo athiridwe injini itazima ndi kuzizira.

Mitundu ya zimbale

Cimbale ca CD-R cimalowa ma megabyte 700, kapena nyimbo za mphindi 80. DVD-R ndi DVD+R zimalowa ma gigabyte 4.7, ngakhale kuti kompyuta imaonetsa 4.38 cifukwa ca kusiyana kwa kawerengedwe. DVD ya miyalo iwiri, yolembedwa DL, imalowa 8.5, ndipo Blu-ray ya BD-R imalowa 25 kapena 50. Cilembo R citanthauza kuti cimbale cimajambulidwa kamodzi kokha, pomwe RW imafutika ndi kujambulidwanso. Zimbale za RW ndi zoyenera kuyeserapo, koma mawailesi akale ambiri samaziwerenga.

DVD-R inayamba mu 1997 ndipo DVD+R inabwera mu 2002. Makompyuta a masiku ano amajambula zonse ziwiri, koma makina ena akale oonetsera makanema amalandira DVD-R mosabvuta koposa inzake. Wojambula kanema wa ukwati wopita kumudzi, komwe makina angakhale akale, angacite bwino kusankha DVD-R.

Cimbale cabwino ndi coipa

Cimbale cojambulirapo ciri ndi utoto wopyapyala womwe kuwala kwa laser kumatentha polemba. Utotowu ndi umene umasiyanitsa zimbale. Utoto wa azo ndi wa phthalocyanine umadziwika kuti umapirira kwa zaka zambiri, pomwe zimbale zopanda dzina zingayambe kudumpha kapena kukana kuwerengeka patapita zaka zocepa. Dzina la pa paketi si ndilo la fakitale nthawi zonse. Kampani ya ku Japan ya Taiyo Yuden, yomwe inathandiza kupanga CD-R yoyamba mu 1988, inaleka kupanga zimbale mu 2015, ndipo dzina la Verbatim linagulidwa ndi kampani ya ku Taiwan ya CMC Magnetics mu 2019. Kampani ya Sony inaleka kupanga zimbale za Blu-ray zojambulirapo mu 2025.

Popeza opanga acepa, zimbale zina za m'masitolo zakhala pa shelefu kwa zaka. Paketi yong'ambika, yocita fumbi kapena yokhala pa dzuwa ndi yokaikitsa, ndipo cimbale cokhala ndi timadontho kapena cosenda m'mbali sicoyenera kugula. Ndi kwanzeru kuyamba ndi zocepa, kuziyesa, kenaka kugula mulu wa 50 kapena 100. Pa zosunga za mtengo wapatali pali zimbale za M-DISC, zomwe ziribe utoto wotere, koma zimafuna makina ojambulira oyenerana nazo. Malaputopu ambiri atsopano alibe polowetsa cimbale, motero pamafunika kugula makina a USB apadera.

Kujambula ndi kusunga

Ngakhale paketi ionetse liwiro la 52x pa CD kapena 16x pa DVD, kujambula pa liwiro lapakati kambiri kumacepetsa zolakwika. Nyimbo zofuna kulira pa wailesi iriyonse zijambulidwe monga Audio CD, cifukwa mawailesi ena samawerenga MP3. Cimbale ciyenera kutsekedwa pomaliza, komwe mapulogalamu amakucha finalise, apo ayi cingakane kulira pa makina ena. Laputopu yokhala ndi batire yabwino, kapena kompyuta yokhala ndi UPS, imateteza cimbale ngati jenereta yatha mafuta pakati pa nchito.

Pa CD-R zojambulidwa ziri pafupi kwambiri ndi mbali yapamwamba, kotero kulembapo ndi bolopeni kumaononga nyimbo. Cofunika ndi maka yofewa. Popukuta, nsalu iyambire pakati kupita m'mbali, osati mozungulira. Zimbale zisungidwe m'zikwama zake, ziri coimirira, kutali ndi dzuwa ndi cinyezi. Cimbale cosiyidwa m'galimoto m'mwezi wa October cingapindike tsiku limodzi. Zithunzi za banja, mapepala a malo ndi nyimbo za kwaya ziyenera kukhala ndi makope awiri kapena atatu pa malo osiyana, limodzi pa hard drive kapena pa intaneti.

Lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limaletsa kukopera ndi kugulitsa nyimbo kapena makanema a ena popanda cilolezo ca eni ake. Ofuna kudziwa za zilolezo za nyimbo angafunse ku bungwe la Zambia Music Copyright Protection Society, lomwe limaimira opeka nyimbo m'dziko muno.