Misonkho ya malonda a pa intaneti m'boma la Chiradzulu

Misonkho ya malonda a pa intaneti ndi ndalama zimene boma la Malawi limatolera pa katundu wogulidwa kapena kugulitsidwa kudzera pa foni ndi pa kompyuta, makamaka katundu wodutsa malire a dziko. M'boma la Chiradzulu nkhaniyi imakhudza anthu a mitundu iwiri: amene amaitanitsa katundu kunja n'kumamugulitsa pa Facebook ndi WhatsApp, ndi amene amatumiza katundu wawo kwa ogula a m'mayiko ena. Malamulo a msonkho sasiyanitsa malonda a m'sitolo ndi a pa foni. Wogulitsa wa ku China kapena ku Dubai amene alibe ofesi m'Malawi nthawi zambiri sakumana ndi otolera msonkho a kuno, choncho udindo wolipira umagwera munthu amene dzina lake lili pa katunduyo pamene akulowa m'dziko.

Malo

Chiradzulu ndi boma la m'chigawo cha kummwera. Linachita malire ndi maboma a Blantyre, Zomba, Phalombe, Mulanje ndi Thyolo, ndipo silikhudza malire a dziko lina. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'bomali. Msewu wa Limbe kupita ku Zomba umadutsa pa Njuli ndi pa Mbulumbuzi, ndipo amalonda ambiri amakapikula katundu ku Limbe. Katundu woitanitsidwa kunja amafika m'bomali atadutsa kale pa chipata china, monga cha Mwanza, Dedza, Muloza kapena Songwe, kapenanso pa bwalo la ndege la Chileka. Pa zipata zimenezi ndi pamene msonkho woyamba umalipidwa.

Mbiri

Nkhani ya msonkho si yachilendo ku Chiradzulu. Boma la atsamunda linayambitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, ndipo msonkhowu pamodzi ndi thangata zinali zina mwa madandaulo a anthu a dera la Mbombwe, kumene John Chilembwe anakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission mu 1900 ndi kuukira atsamunda mu Januwale 1915.

Masiku ano misonkho ya boma imatoleredwa ndi bungwe la Malawi Revenue Authority (MRA), limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 n'kuyamba ntchito mu 2000. Likulu lake ndi Msonkho House mumzinda wa Blantyre. Msonkho wa VAT unalowa m'malo mwa surtax mu 2005, ndipo lamulo lovomereza mapangano ndi malipiro a pa intaneti, la Electronic Transactions and Cyber Security Act, linadza mu 2016. Mu 2019 Joseph Mwanamvekha, amene anali phungu wa dera la kummwera kwa Chiradzulu komanso nduna ya zachuma, anapereka ganizo loika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zotumizidwa pa foni, koma boma linausiya anthu atadandaula.

Katundu wolowa m'dziko

Katundu wogulidwa pa misika monga Alibaba ndi AliExpress amawerengedwa ngati katundu wina aliyense wochokera kunja. Mtengo umene a kasitomu amayambira kuwerengera ndi wogulira katunduyo kuphatikizapo ndalama ya mayendedwe ndi inshuwalansi. Pa mtengowu amaika msonkho wa kasitomu, umene umasiyana malinga ndi mtundu wa katundu ndi dziko limene anapangidwira. Katundu wina amalipiranso msonkho wa excise. Pomaliza pamabwera VAT, imene imawerengedwa pa zonsezi pamodzi. Kwa zaka zambiri VAT inali 16.5 peresenti, ndipo kumapeto kwa 2025 boma linalengeza kuti ikwera kufika 17.5 peresenti.

Mwachitsanzo, ngati katundu wafika pa mtengo wa K100,000 ndipo msonkho wa kasitomu uli 25 peresenti, mtengo umakhala K125,000. VAT ya 17.5 peresenti pa ndalamayi ndi K21,875, ndipo zonse zimakwana K146,875, wogulitsa asanaonjezepo thiransipoti yochokera ku Limbe ndi phindu lake. Popeza mtengo wa kunja umasinthidwa kukhala makwacha, kugwa kwa kwacha kumakwezanso msonkho. Izi zinaoneka mu Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti.

Amalonda ang'onoang'ono ambiri saitanitsa okha. Amatumiza ndalama kwa munthu wapakati amene amasonkhanitsa katundu wa anthu ambiri m'kontena imodzi, n'kumawalipiritsa pa kilogalamu. Zikatere mapepala a kasitomu amakhala m'dzina la wapakatiyo, ndipo wogulitsa wa pa Namitambo kapena pa Boma amatsala wopanda umboni woti katundu wake analipiridwa msonkho. Lamulo limapatsa MRA mphamvu yolanda katundu wozembetsedwa kapena wonamiziridwa mtengo, ngakhale atafika kale mkati mwa dziko. N'chifukwa chake malisiti ndi mapepala a kasitomu amafunika kusungidwa.

Udindo wa wogulitsa m'bomali

Munthu wochita bizinesi amayenera kulembetsa ku MRA ndi kulandira nambala ya msonkho yotchedwa TPIN. Kulembetsa ndi kupereka malipoti kumatheka pa intaneti kudzera pa Msonkho Online. Bizinesi yaing'ono imalipira msonkho woyerekezera malinga ndi malonda a pa chaka, pamene yaikulu imalipira msonkho wa phindu. Malonda a pa chaka akapitirira mlingo umene lamulo linaika, wogulitsa amayenera kulembetsa VAT ndi kupereka lisiti lovomerezeka pa malonda alionse. Makina otulutsa malisiti otere anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2014.

Khonsolo ya Chiradzulu imatolera ndalama zake padera, monga chiphaso cha tsiku ndi tsiku cha pamsika ndi laisensi ya bizinesi. Ndalamazi sizilowa m'malo mwa msonkho wa MRA. Katundu wina wochokera kunja amayeneranso kuyesedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards asanagulitsidwe.

Katundu wotumizidwa kunja

Munthu wa ku Chiradzulu amene akugulitsa ziboliboli, madengu kapena zovala zosokedwa ndi chitenje kwa ogula a kunja ndiye amakhala wogulitsa wachilendo m'dziko la wogulayo. Kuno kwawo amalemba mapepala a kasitomu, ndipo pa katundu wa mtengo waukulu amadzaza fomu ya CD1 kudzera ku banki, yotsimikizira kuti ndalama zakunja zidzabwerera m'dziko. Zokolola monga nandolo zimafunikanso satifiketi yosonyeza kuti zilibe matenda ndi tizilombo.

Kumene katunduyo akupita kulinso malamulo ake. Kuyambira pa 1 Januwale 2021 dziko la Britain limafuna kuti msika wa pa intaneti uzitolera wokha VAT pa katundu wochokera kunja wosapitirira mapaundi 135. Mayiko a European Union anathetsa mwayi wolowetsa katundu wa mtengo wochepa wopanda VAT pa 1 Julaye 2021, ndipo anakhazikitsa njira yolipirira VAT nthawi yogula pa katundu wosapitirira mayuro 150. Pa misika monga Etsy ndi eBay msonkhowu umaonjezedwa pa mtengo wogula asanalipire, ndipo wogulitsa amayenera kulemba mtengo weniweni pa phukusi.

Mayiko ena a mu Africa

Mayiko angapo a mu Africa anayamba kulondola ogulitsa akunja mwachindunji. South Africa inalamula mu 2014 kuti makampani akunja ogulitsa nyimbo, mafilimu ndi mapulogalamu pa intaneti azilembetsa VAT m'dzikolo. Kenya inayambitsa msonkho wa 1.5 peresenti pa ntchito za pa intaneti mu Januwale 2021. Njira zoterezi zimachititsa kuti msonkho utoleredwe ndi kampani yogulitsa pa nthawi imene wogula akulipira, m'malo modikira pa chipata.