Ofufuza za Kusamuka kwa Anthu: Zida Zimene Amagwiritsa Nchito ndi Mbali Yathu

Ambiri a ife kuno ku Kansenshi tili ndi kwathu kwina. Makolo athu anabwera ku migodi kucokera ku Chipata, Petauke, Luapula, Nyasaland ndi Tanganyika, ndipo ulendo wao wakhala ukufufuzidwa kwa zaka zambiri.

Kale

Bungwe la Rhodes-Livingstone Institute, limene mtsogoleri wake woyamba anali Godfrey Wilson, linatumiza ofufuza m'makomboni a migodi. J. Clyde Mitchell anaphunzira gule wa kalela ku Luanshya, ndipo buku lake linatuluka mu 1956. A. L. Epstein anagwira nchito ku Luanshya ndi kuno ku Ndola. Nthawi imeneyo zonse zinkalembedwa pa mapepala. Bungwelo lero ndi INESOR, pansi pa University of Zambia.

Lero

Ofufuza tsopano amagawana zida pa intaneti. IPUMS International, ya ku University of Minnesota, imasunga zitsanzo za kalembera wa Zambia wa 1990, 2000 ndi 2010, maina a anthu atacotsedwa. Wofufuza wolembetsa amaona kwaulere anthu anabadwira kuti ndipo akukhala kuti. Migration Data Portal, imene bungwe la IOM linatsegula mu 2017, imasonkhanitsa ziwerengero za maiko onse. KoboToolbox imalola munthu kulemba mayankho pa foni ngakhale kulibe netiweki. British Library, kudzera mu Endangered Archives Programme, imathandiza kujambula zolembedwa zakale. Mapepala a cipani ca UNIP anajambulidwa motero.

Zimene ziwerengero sizinena

Kalembera amanena kuti anthu angati anasamuka, koma sanena cifukwa cake. Zimenezo zili m'mabuku a mipingo. Tisaiwale kuti Union Church in the Copperbelt inayambitsidwa m'zaka za m'ma 1920 ndi anchito obwera okha. Mabuku a ubatizo, a maukwati ndi makalata osamukira amaonetsa mudzi umene munthu anacokera, caka cimene anafika ndi kumene anapita migodi itacepetsa anchito. Ambiri a mabukuwa ali m'makabati, kumene ciswe ndi cinyontho sizidikira.

Mbali yathu

Tikupempha alembi a mipingo kuti mabuku akale awasunge pouma ndi kulemba mndandanda wake: dzina la buku ndi zaka zake. Wofufuza akabwera, aonetse kalata ya ku yunivesite yake, ndipo akulu a mpingo ayambe avomereza. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limateteza mbiri ya munthu, motero maina a anthu amoyo asaikidwe pa intaneti popanda cilolezo cao. Tipemphenso kope la zonse zimene zajambulidwa.

Ngati m'nyumba mwanu muli agogo amene akukumbukira tsiku limene anatsika sitima pa Ndola, khalani nao pansi sabata ino, muwajambule mau pa foni akavomera.